Ndinameta Galu Wanga Ubweya

Pali chinthu chimene ndabisa zaka zitatu tsopano, ndipo ngakhale pokalapa kwa ansembe ndimachilambalala. Tsiku limene galu wanga analuma kamtsikana ka mnzanga, ine ndinkadziwa kuti galuyo anali atalumidwa ndi nkhandwe masabata atatu m'mbuyomo. Ndinkadziwa, koma ndinatseka pakamwa chifukwa ndinkafuna kalata.

Ndiyambe ndi kalatayo. Ndinali nditaphunzitsa zaka ziwiri pa sukulu ina yakumudzi cha ku Lobi, ndi setifiketi yanga ya ku koleji ya aphunzitsi. Nditakhala ndi pakati anandiuza kuti ndikapume, malo anga n'kupatsa wina. Mwana ali ndi miyezi inayi amuna anga anapita kukagwira ntchito ku Halale, nandisiyira galu woti azindilondera. Setifiketi inangogona m'sutikesi pamodzi ndi diresi la ukwati. Kenako ndinamva kuti sukulu ina ya atsikana kufupi ndi ku boma ikufuna mphunzitsi wamkazi, ndipo ofuna ntchitoyo akaonekere Lolemba ndi kalata ya umboni yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa kwawo. Mphunzitsi wamkulu wa kwathu anali mwamuna wa mnzanga uja, bambo wosaseka, wokonda kamtsikana kake ngati diso. Analonjeza kuti andilembera Lamulungu Misa ikatha.

Nkhandwe ija inabwera dzuwa lili paliwombo, ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya mbatata ya kachewere, osaopa munthu. Galu anailumphira, ndipo pobwerako khutu linali litang'ambika. Palibe wina anaona. Ku koleji anatiphunzitsa kuti nkhandwe yoyenda masana imakhala ya chiwewe, ndipo ine ndinalemba zimenezi m'kope ndi dzanja langali. Koma ndikananena, galu akanaphedwa tsiku lomwelo, ndipo pakhomo panga ndi iye yekha ankandichingamira. Ndinamutsuka khutu ndi madzi amchere, ndikudziuza kuti mwina inali nkhandwe yanjala chabe.

Loweruka lililonse tikatha kuchapa, anzanga awiri ankabwera pakhonde panga kudzaluka majuzi, chifukwa khonde langa limafulatira mphepo. Wina anali mkazi wa mphunzitsi wamkulu uja, winayo mayi wamasiye wogulitsa kachewere kumsewu, wapakamwa posatopa. Loweruka la ngoziyo chifunga sichinachoke mpaka masana. Tinayala mkeka, tinakwirira mbatata paphulusa, mwana wanga ali kumsana akugona.

"Aphunzitsi athu akutithawa," anatero mayi wamasiye uja. "Mukakafika ku boma muzikatipatsa moni wa Chizungu, ife tizikangoti yesi, yesi."

"Asiyeni anzanu," anatero mkazi wa mphunzitsi. "Inu ntchito yanu ndi kunamiza madalaivala kuti mbatata yofota ndi yadzulo."

"Nanga si yadzulo? Dzulo la mwezi watha!"

Ndinaseka nawo, koma maso anga anali kunsi kwa nkhokwe. Galu anali atagona kumeneko chiyambire m'mawa, chakudya osachinunkhiza n'komwe. Masiku onse ankabwera kudzagona pamapazi pathu, mpaka ankakoka ulusi wa juzi. Mayi wamasiye anafunsa kuti kodi alonda athu lero anyanyala? Ndinati wakhuta.

Kamtsikana ka mnzanga, ka zaka zitatu, kanazolowera kumukwera pamsana. Sitinakaone kakukwawira kunsi kwa nkhokwe. Tinangomva kulira. Galu sanauwe, sanathawe, anangobwerera pamene anagona. Pakatumba ka mwendo wa mwanayo panali timabowo tiwiri, magazi ake ochepa kwambiri.

"Si kanthu aka," anatero mayi wamasiye. "Bweretsani sizasi. Ubweya wa mwini wake ndiwo mankhwala."

Kwathu kuno aliyense amadziwa zimenezi: galu akaluma munthu, amameta ubweya wa galu yemweyo, kuutentha, phulusa lake n'kupaka pabala. Wometa anayenera kukhala ine, poti galu sakanalola wina. Ndinagwada, ndinalowetsa dzanja, ndinadula ubweya wakumchira. Thupi lake linali lotentha, ndipo anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Tinautentha paphale. Fungo lake ndimalimvabe.

Mnzanga atagwira mwendo wa mwana wake anatembenukira kwa ine.

"Inu anzanga munaphunzira zaukhondo. Izi zikwanira?"

Sopo amene tinachapira anali pomwepo pamwala, ndipo ndinkadziwa kuti bala lotere amalitsuka ndi sopo nthawi yaitali, kenako kuthamangira kuchipatala. Lole ya mbatata inkadutsa Loweruka masana kupita ku boma. Koma ndinaona nkhope ya bambo ake a mwanayo akumva kuti ndinasunga galu wolumidwa ndi nkhandwe, ine wofuna kuti andilembere kuti ndimasamala ana.

"Zikwanira," ndinatero.

Atapita ndinamanga galu ku mtengo wa pichesi ndi chingwe cha mbuzi, mwana wanga osamutsitsa kumsana.

Lamulungu kamtsikana kaja kanabwera ku Misa kakutsimphina pang'ono, kakuonetsa anzake pamene panali phulusa. Ndinagwada kumbuyo kwake, ndipo sindikumbuka mawu amodzi a ulaliki. Titatuluka, aphunzitsi aakulu anandiitanira ku ofesi, nalemba kalata ija mosafulumira, naumitsa inki, nandiwerengera mokweza. Anati ndine munthu wokhulupirika. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinaipinda, ndinaiika pachifuwa.

Kunyumba ndinapeza galu atatafuna khungwa la pichesi mpaka mtengo kuyera. Dovu linali likuchucha, madzi amene ndinamusiyira ali chikhalire. Atandiona anayesa kuuwa, koma mawu amene anatuluka sanali ake.

Pamenepo ndiye ndinathamanga. Ndinapeza aphunzitsi aakulu ndi akazi awo akudya.

"Galu uja wadwala. Mwanayu apite kuchipatala."

Aphunzitsi aakulu anabwera ndi amuna awiri, anamuona, ndipo anachita zimene zinayenera kuchitika kuseri kwa nkhokwe. Posamba m'manja anandifunsa:

"Mayi, galuyu analumidwapo ndi chilombo?"

"Sindikudziwa, bambo. Amayendayenda."

Lamulungu kunalibe lole. Tinanyamuka Lolemba m'mawa, bambo akukankha njinga, ife tikusinthana kubereka kamtsikanako pokwera mapiri, wanga nditasiyira mayi wamasiye uja. Kuchipatala adokotala anafunsa tsiku limene analumidwa. Atamva kuti Loweruka anati tiyambe jekeseni lero lomwe, za pamimba, tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Mnzanga anafunsa ngati zikatha basi mwana wapulumuka. Iwo anati kawirikawiri amapulumuka, koma matendawa nthawi zina amabisala m'thupi nthawi yaitali, ndiye tizimuyang'anira.

Ndinawasiya pamzere wa jekeseni, ine n'kupita ndi kalata yanga. Ntchito ndinaipeza.

Mwanayo ali moyo. Chaka chino makolo ake anamutumiza ku sukulu yathu, akuti akhale m'manja mwa amene anamupulumutsa, ndipo amakhala kutsogolo m'kalasi mwanga. Mnzanga amauza aliyense kuti pakanapanda ine kuthamanga tsiku lija, bwenzi ataika maliro. Amanditumizira nyemba ndi mapichesi. Ine mwanayo akangoti mutu ukuwawa, choko chimandigwa m'manja. Pa nthawi yopuma ndimamutungira madzi m'kapu, ndi kuima pomwepo mpaka ameze, poti wodwala chiwewe amakanika kumeza madzi. Anzake amati ndimamukondera.

Ndayesapo kawiri kuwauza mayi ake. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pa mawu oti nkhandwe, iwo n'kuyamba kusimba za nkhandwe imene inawadyera nkhuku, ine n'kuseka nawo. Ndikawauza, masiku awiri aja sabwerera, ndipo mantha amene ndimagona nawo ine adzayamba kugona nawo iwonso. Ndikapanda kuwauza, ndipitiriza kudya nyemba zawo. Sindikufunsa za Loweruka lija, pamenepo ndikudziwa ndekha kuti ndinalakwa. Ndikufunsa za zaka zitatu zimene ndawasiya mayiwa akugona tulo. Inu amene mwawerenga, kodi pamenepa ndachita bwino?