Nkhope ya Malemu pa Nyali ya Injini

Amuna anga atamwalira anasiya zinthu ziwiri zimene ndinkazidziwa kuposa munthu wina aliyense: galimoto yakale yokwera mapiri, ndi kawaya kotalika ngati chala. Galimotoyo anatenga achibale awo. Kawayako palibe amene anakafuna.

Inali ya petulo, yoyera pa unyamata wake, koma dothi la kwathu ku Bowe linali litaipatsa mtundu wina. Ndiyo inkatidyetsa, ife ndi ana athu atatu. Nthawi yokolola inkatulutsa mtedza ndi mabelo a fodya m'midzi imene malole amakana kulowa, ndipo dzinja likafika inkakwera zitunda zoterera za ku Msakambewa anthu atapanikizana kumbuyo. Singano yosonyeza kutentha kwa injini inali itafa tisanaigule. Chimene chinatsala kutichenjeza chinali kanyali kachikasu ka padashibodi, kojambulidwa kainjini.

Nyaliyo ikayaka, amuna anga ankaima pomwepo, okwera adandaule asadandaule. Ankatsegula boneti, n'kulumikiza ndi kawaya kaja timabowo tiwiri ta m'kabokosi kakuda ka pambali pa injini. Ine ndinkakhala pampando wa dalaivala n'kupotoza kiyi pang'ono, osaliza injini. Pamenepo nyali ija inkayamba kuphethira, ine n'kumawerenga mokweza. Kawiri, n'kupuma, kasanu. Kapena kamodzi, n'kupuma, kanayi. Nambala iliyonse inali ndi tanthauzo lake m'kabuku kamene iwo analemba ndi dzanja lawo.

Imene inkabwera kawirikawiri inali kawiri, kupuma, kawiri. M'kabukumo analemba kuti ndi sensa ya madzi, kachipangizo kouza injini mmene madzi atenthera. Koma pa galimoto yathu nambalayo inali ndi nkhani yake. Pafupi ndi sensayo pamadutsa paipi ya madzi, ndipo kilampu yomanga paipiyo inkamasuka ndi mabampu a m'misewu yathu. Madzi akayamba kukha ankanyowetsa pulagi ya sensa, nyali n'kuyaka. Mankhwala ake anali kumanga kilampu, kupukuta pulagi, n'kuonjezera madzi mu rediyeta. "Wakutsina khutu ndi mnansi, mayi," ankatero amuna anga akupukuta manja. "Nyali iyi ndi mnansi wathu."

Anadwala masabata awiri okha. Tsiku lometa, pamene anthu amakhala pansi kukambirana za chuma cha malemu, mkulu wawo wa ku Ntchisi anaimirira chipewa chili m'manja.

"Alamu," anatero akundiyang'ana, "nyumba ndi munda zili pa nthaka ya kwanu, sitingazinyamule. Koma galimoto ili ndi matayala. Komanso inu simuyendetsa."

"Kuyendetsa sindiyendetsa, koma ndimaimva ikamadandaula," ndinayankha.

Anthu anaseka, ndipo ena mwa osekawo anali abale anga enieni. Mpaka lero ndikawaona kutchalitchi ndimawapatsa dzanja lokha, mtima ayi. Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabuku ndi kawaya, chifukwa ngakhale inkachoka ndinkafuna ikakhale ndi moyo. Alamu anakatembenuza kawayako kawiri n'kundibwezera.

"Mumangire chitseko cha khola la nkhuku," anatero. Kabuku sanakatsegule n'komwe, kanatsala m'manja mwanga.

Panapita miyezi inayi. Tsiku lina la msika ndinapita ku Madisi kukagulitsa soya, ndipo ndinaimva ndisanaione. Kulira kwa injini imene wakhala nayo zaka zambiri sungakusokoneze ndi ina. Inali itaima pansi pa mtengo ikudzaza matola, alamu ali pachiwongolero, chigongono panja. Ndinapita kukawapatsa moni monga mwa ulemu, ndipo maso anga anathamangira okha padashibodi.

Pamalo pa nyali paja panali kachithunzi ka amuna anga, kaja tinasindikiza pa pepala la mwambo wa maliro. Anakadula bwinobwino n'kukamata ndi tepi. Injini inali ikulira, ndipo nyali inali kuyaka kuseri kwa pepalalo, moti nkhope ya malemu inkawala chikasu.

Mayi wina amene anakhala kutsogolo, dengu pamwendo, anaona kuti ndikuyang'ana. "Mwaona? Akuti ndi mng'ono wawo wa adalaivala. Amawala ulendo wonse, amatiperekeza." Anachita chizindikiro cha mtanda.

Ndinaloza padashibodi. "Alamu, nyali yayaka."

"Inayaka kalekale, galimoto ikuyendabe," anatero. "Ndinapita nayo kwa makaniko, anachotsa waya wa batire, inazima. Tisanafike pamlatho yayakanso. Ndi nyali yamisala. Imaopseza okwera, ndiye ndinati bola aziona nkhope ya m'bale wanga."

"Kuchotsa batire n'kuitseka pakamwa chabe. Kawaya kaja ndili nako m'chikwamamu. Tsegulani boneti, mphindi zisanu zokha."

"Pano? Pamsika?" Anayang'ana uku ndi uku. "Mkazi anditsegulire boneti anthu akuona? Mawa akwera ndani galimoto imeneyi?"

Ndinawerama n'kusuzumira kunsi. Pafumbi panali kadontho konyowa, ndipo ndikuyang'ana choncho kena kanagwa pomwepo. "Ikukha madzi, alamu. Singano ija ndi yakufa, sikuuzani kanthu. Mangani kilampu ya pafupi ndi sensa musanakwere mapiri."

Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti okwera asamve. "Kodi inu mukulira m'bale wanga, kapena mukulira galimoto?"

Ndinkalira zonse ziwiri, ndipo sindinkaona chochititsa manyazi pamenepo. Ndinangoima ndi thumba langa la soya, iwo n'kulowetsa giya, fumbi n'kundithira.

Sipanathe masabata atatu. Nkhani inandipeza ndili kudimba, kuchokera kwa mayi wina wogulitsa tomato amene anali m'galimotomo. Akuti pa chitunda chachitali cha kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi panayamba kununkha ngati mphika wopserera. Okwera ananena, alamu anati tifike kaye pamwamba. Pamwamba sanafikepo. Injini inazima yokha, utsi woyera uli tolotolo. Ndiye anatuma anthu kukatunga madzi kumtsinje, n'kuthira ozizirawo m'injini ili moto. Mayiyo akuti anamva kuti thee, ngati mbale yadothi.

Pamene ndinkamva zimenezi ndinkayembekeza kuti ndisangalala, kuti ndinena kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma nkhwangwayo inagwa pamutu pa ana anga, osati pa alamu. Ndinakhala pansi pakati pa mizere ya mpiru n'kulira ndi ukali.

Galimoto inakhala pabwalo pa alamu mwezi wathunthu, amakaniko akubwera n'kumapukusa mitu. Mutu wa injini unali utang'ambika, ndipo mkati munali mutanoka. Atatsimikiza kuti popanda injini ina sidzayendanso, banja linakhalanso pansi, ndipo mwadzidzidzi linakumbukira chilungamo. Anaibweretsa masana dzuwa lili paliwombo, ikukokedwa ndi thirakitala, anthu a m'mudzi akutuluka kudzaonerera. Alamu anatsika, chipewa chija chili m'manja.

"Takambirana, alamu. Taona kuti chuma ichi n'cha ana amasiye. Si bwino kuti tiwalande."

Ndinati zikomo. Mwambo umafuna choncho, ndipo ndinanena ndi mano okha. Sindinawayalire mphasa.

Atapita ndinatsegula chitseko. Munkanunkha fodya ndi mafuta opserera. Jeki anali atachotsa, tayala la sipeya atachotsa, koma batire anaisiya poti inali yotha. Chithunzi chinali pomwe chija. Ndinachimatula pang'onopang'ono kuti nkhope isang'ambike, n'kuchiika m'kabuku.

Ndinachita ndekha ntchito ya anthu awiri. Ndinatsegula boneti, ndinalowetsa kawaya m'timabowo tija, ndinazungulira, n'kukhala pampando wanga wakale. Nditapotoza kiyi nyali inayaka mofooka, kenako inayamba kuphethira. Ndinawerenga mokweza, ngakhale kuboneti kunalibe wondimva. Kawiri, kupuma, kawiri.

Ndinatenga sikuludiraiva ya amuna anga m'nyumba, n'kupita pa kilampu ija. Ndinkadziwa kuti palibe chimene chisinthe, koma ndinafuna kudziwa kukula kwa chinthu chimene chinatilanda chakudya. Ndinapotoza kamodzi, kawiri, katatu. Inagwira.