Geti Lowotcherera la a Emil Hudak

Alamu anga a Emil Hudak anagwira ntchito ya boma moyo wawo wonse, ndipo ntchito yake inali kutsegula ndi kutseka chitseko. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma chitseko cha kunyumba kwanga ndimatseka bwinobwino, popanda wondilipira. Iwo boma linkawalipira, n'kuwawonjezera penshoni ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Ndikawauza zimenezi amangomwetulira, maso ali kumtsinje.

Kunena zoona, chitsekocho sichinali chamasewera. Mtsinje wathu wa Monongahela umatsika ngati masitepe, ndipo pa sitepe iliyonse pali mageti awiri achitsulo. Chombo cha malasha chikalowa pakati pake, a Emil ankatseka geti lakumbuyo n'kumatulutsa madzi pang'onopang'ono. Chombo chija chinkatsika ngati munthu amene tulo tikumutenga, kenako iwo n'kutsegula lakutsogolo. M'mamawa chifunga chikagona pamadzi, zombo zinkatulukira ngati nyumba zoyenda zokha, n'kuzimiririkanso. Munthu akayang'ana zotere zaka zambiri amayamba kulota ali maso. Alamu anga amayankha funso la Lolemba pa Lachitatu.

Loto lawo linali limodzi. Kuseri kwa nyumba kuli kaboti kopanda injini, kokhazikidwa pa matabwa, ndipo mphaka anaswerapo kale mmenemo. Ankati tsiku lina adzakatsitsira m'madzi, n'kuyenda mtsinje wonse mpaka kunyanja yamchere, ena akuwatsegulira mageti, iwo akungokweza chipewa.

Akazi awo ndi achemwali anga a Bernadette, amene anandilera mayi athu atamwalira. Ankaphika pasukulu, ntchito yosapatsa inshuwalansi munthu akapuma, choncho moyo wawo wonse akhala pa khadi la amuna awo. Mtima wawo umaphonya kugunda ngati injini ya galimoto yanga m'nyengo yozizira. Khadi la bomalo ndilo linkawatsegulira chitseko cha dokotala wawo wa mtima, ndipo likanapitiriza kutero ngakhale a Emil atatsogola kumanda.

Onse awiri atakwana zaka 65 analowa Medicare, thandizo la kuchipatala la okalamba onse. M'chikwama munakhala makhadi awiri. Kuchipatala Medicare inkayamba kulipira, ya boma n'kumalizitsa chotsala.

"Ndi mageti awiri amenewa, Chet," anandiuza a Emil. "Chombo chili pakati, sichingagunde mwala."

Koma makhadi onse awiri ankaluma penshoni mwezi ndi mwezi, ndipo injini ya boti inkaoneka kutali. Ndiye pa wailesi ya kanema panabwera bambo wa mano oyera mbee, akuitana okalamba kuti alowetse Medicare yawo m'ndondomeko ya kampani ya inshuwalansi, mano ndi magalasi a maso zili momwemo. A Emil anamuyang'ana ngati mmene ankayang'anira chombo m'chifunga. Analowa ndondomekoyo pamodzi ndi akazi awo, n'kunena kuti ya boma ija aitseka, ndalama yake igule injini.

Tsiku limene anaimba foni ku ofesi ya penshoni ine ndinalipo, chifukwa achemwali ankakazinga mapirogi, timitanda ta ufa toikamo mbatata, pamodzi ndi anyezi, ndipo mphuno yanga siphonya. Makutu a alamu anga anatha ndi phokoso la zombo, choncho anakweza foni kuti tonse tizimva.

"Bambo Hudak," anatero mayi wa ku ofesiyo, "mukufuna kuimitsa kapena kuthetsa?"

"Tsekani basi, mayi."

"Pepani, ndi zinthu ziwiri. Popeza mwalowa ndondomeko ya kampani, mukhoza kuimitsa, ndipo mukadzafuna mudzabwerera nyengo yolembetsa ikafika. Koma mukathetsa, ndi basi. Simudzabwereranso, inu ngakhale akazi anu."

A Emil anaseka chapansipansi, ngati akuuzidwa ndi mwana kuti mtsinje umakwera phiri. "Mayi, ine ndakalambira pa mageti. Palibe geti lotsekedwa limene silitseguka. Koma zoimitsazo ayi. Geti lotseka theka ndi limene limamiza chombo. Ine ndikatseka ndimatseka."

"Ndikutumizirani pepala. Mukhale mwaganiza kaye, bambo."

Foni itadulidwa ndinati, "Alamu, mayi uja wanena Chingerezi chomwe ngakhale ine wothawa sukulu ndamva. Kapena ndikumasulireni m'chinenero cha nsomba?"

"Idya mapirogi ako, Chet. Zaulere zimakoma pakamwa pali potseka."

"Achemwali, mukuwamva amuna anuwa?"

Achemwali anatembenuza chomaliza m'poto, anazimitsa moto, n'kupukuta manja pang'onopang'ono. Kenako anati, "Chet, tenga makiyi. Emil, valani chipewa."

Anandiuza kuti ndiyendetse chakumunsi, kumene kuli mageti akale. Kumeneko n'kumene a Emil anayambira ntchito, n'kumenenso anawaonera achemwali koyamba, atabweretsa chakudya cha bambo athu. Akuti a Emil anangoima kukamwa yasa, chombo chikuliza hutala. Pambuyo pake boma linamanga mageti aakulu kwina, akalewo n'kuwasiya.

Ndinali ndisanapiteko zaka zambiri. Dzuwa la masana linali lofewa, ndipo pamwamba pa madzi pankayandama timbewu toyera ta mitengo, ngati chipale chofewa chimene chasochera nyengo. Pakati pa mageti, pamene pankatsikira zombo, panali patamera mitengo. Atsekwe anali atagona pakhoma. Chitsulo chinali chitafiira ndi dzimbiri, ndipo kunali zii, moti ndinaleka nthabwala osauzidwa.

"Emil," anatero achemwali, "ndani anatseka geti ili komaliza?"

"Ndine. Chombo chomaliza chinanyamula mchenga."

"Munabwera kunyumba n'kunena chiyani?"

A Emil anakanda m'khosi. "Ndinati adzalitsegulanso malasha akadzachuluka."

"Chabwino. Tsegulani tione. Ine sindikufulumira."

Alamu anga anayenda mpaka pamene zitseko ziwirizo zimakumana, n'kugwada movutikira. Anayendetsa chala pa mzere wokhuthala umene unatsika pakati pake kuchokera pamwamba mpaka m'madzi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, ine mpaka ndinaganiza kuti loto lawatenganso.

"Analiwotcherera," anatero pomaliza.

"Eya. Inu munatseka, ena anabwera m'mbuyo mwanu n'kuwotcherera. Ndi zimene amakuuzani mayi uja." Achemwali anawagwira paphewa. "Boti lanulo ndikwera nawo, musadandaule. Koma mtima wangawu uli pa khadi lanu. Mukadzatsogola inu, ndipo mudzatsogola ndi masoseji mumadyawo, ine ndidzagogoda pati?"

"Ndiye kuimitsa si kutseka theka?"

"Ndi kutseka, alamu," ndinalowererapo, "kungoti wowotcherera simumuitana. Mwaona? Sukulu ndinathawa, koma nzeru zinandithamangira."

"Zinatopera panjira," anatero achemwali. "Athandize adzuke."

Pepala litabwera a Emil anasankha kuimitsa. Anadandaula sabata yonse kuti liwulo silikuwakomera m'kamwa, koma anasankha lomwelo.

Chaka chinapita bwinobwino. Alamu anapeza mano atsopano, n'kumamwetulira ngakhale kumaliro. Kenako dokotala wa mtima wa achemwali, amene amadziwa kuphonya kulikonse kwa mtimawo, anachoka pa mndandanda wa madokotala amene kampani ija imawalipira. Masamba atayamba kugwa, nyengo yolembetsa itafika, a Emil anaimbanso foni ku ofesi ya penshoni ija. Ine ndinaliponso, chifukwa kunali kabichi wokulungira nyama.

"Mayi," anatero ataimirira, chipewa chili m'manja, "ndine Hudak. Tsegulani."

Chaka chatsopano chitalowa, achemwali anapita kwa dokotala wawo ndi makhadi awiri aja.

Injini sinagulidwe, ndipo boti lidakali kuseri kwa nyumba. Koma m'mamawa wina ndinadutsako chifunga chitakwera kuchokera kumtsinje n'kudzaza bwalo lonse, moti matabwa a pansi pa boti sankaoneka. Ndinawapeza awiriwo atakhala mmenemo, atafunda bulangete limodzi, makapu a khofi akufuka nthunzi, mphaka ali kutsogolo ngati woyendetsa. Boti linkaoneka ngati layandama.

"Mwafika pati, akapitawo?" ndinafuula.

"Usasokose, Chet," anatero alamu anga osacheuka. "Madzi akutsika."

Ndinapita pa kageti ka mpanda, n'kukatsegula pang'onopang'ono mpaka kumapeto. A Emil anakweza chipewa.