A Simbi ndi Womasulira Wawo Waulemu

Pamdadada wathu wa nyumba zosanjikizana, ukamva chitseko cha nambala 14 chikumenyetsedwa, sufunsa. Ndi a Simbi. Dzinali tinawapatsa chifukwa amasita mabedishiti kuhotela, komanso chifukwa sachedwa kutentha. Anabwera kudziko lino zaka zinayi zapitazo kutsatira amuna awo oyendetsa lole, bambo amene amaoneka pakhomo kawiri pamwezi ngati mlendo. Chilankhulo cha kuno a Simbi anachikaniratu. Ankati bedishiti silifuna moni, ndipo zotsalazo Mzime alipo.

Mzime ndi mwana wawo womaliza, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri; wamkulu ndi mnyamata. Iyeyu chilankhulo cha kuno anachimwa ngati madzi. Tonse timamubwereka: kuchipatala, kwa mwini nyumba, ngakhale ine ndinamutengapo pokabweza ketulo yakufa kusitolo, n'kubwerako ndi yatsopano.

Ndiye tangoganizani kalata itabwera kuchokera kusekondale kumene Mzime anakayesedwa mayeso apakamwa. Inkati mwanayu sadziwa chilankhulo, akakhale m'kalasi ya ana ongofika kumene, ataye chaka chathunthu. Anawawerengera kalatayo ndi Mzime yemweyo, osaphonya liwu. A Simbi anakwera ndi kutsika masitepe athu onse akuuza aliyense kuti aphunzitsi a kuno ndi ogontha. Zomwe sanatiuze n'zakuti tsiku la mayesolo anamuopseza mwana pageti kuti akangochulutsa zonena kapena kuyang'ana wamkulu m'maso, akaona pobwera. Mwana anamvera. Anazyolika, n'kumayankha liwu limodzilimodzi chapansipansi.

Kwa ahedi ndinawaperekeza, iwo ndi Mzime, ati kukawalimbitsa mtima, koma zoona zake ndinkafuna kudzionera ndekha. A Simbi analankhula m'chakwathu mpaka thukuta, akumenya desiki. Anafunsa ngati makutu a ahediwo anatsekedwa ndi phula, ngati satifiketi yapakhomayo anachita kugula pamsika. Atatha anamugwedeza Mzime kuti amasulire. Mwana, maso pansi, ananena mawu ochepa chabe. Ahedi, mayi wa magalasi, anamwetulira, n'kuwagwira chanza a Simbi ndi manja awiri. Anati nkhaniyi itsekedwa pakutha pa teremu, kwatsala masabata asanu ndi limodzi.

Ine chilankhulochi ndimachimvako pang'ono, ndipo pakamwa panga sipasunga kanthu. Tisanafike pasiteji ya basi ndinali nditaulula kuti mwana wanena kuti amayi akuthokoza chifukwa cha chisamaliro.

"Iwe, ndakutuma kuti ukathokoze?"

"Amayi, si munati wamkulu satukwanidwa?"

A Simbi anangokwera basi. Anafika kunyumba, chitseko chinalira kawiri.

Loweruka lotsatira anakalembetsa sukulu ya akuluakulu kulaibulale, n'kukhala pakampando pakati pa anamwino ndi amisiri omanga nyumba. Mphunzitsi ankafuna kuyamba ndi moni ndi za nyengo. A Simbi anamuuza, kudzera mwa namwino wina, kuti nyengo amaiona okha pawindo, awapatse mawu atatu basi: mwalakwitsa, sindivomera, itanani wamkulu wanu. Ankayeserera akusita, moti anzawo kuhotela ankaganiza kuti ayambana ndi mapilo.

Sabata yomaliza ya teremu tinabwerera. A Simbi anaimirira, n'kuwombera mawu awo atatu aja motsatizana. Ahedi anatchera khutu mwaulemu, kenako anapempha kuti abwereze, sanamve bwino. Mawu anali atatha. Ine ndinayamba kusuzumira pakhomo poopa kuti desiki iuluka. Koma a Simbi anatembenukira kwa mwana.

"Dzutsa mutu. Uwayang'ane m'maso ngati mnzako wa pamasitepe. Lero lokha ndakuloleza. Uwauze zonse, ndi za makutu zomwe."

Mzime anakweza maso pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti agwa. Kenako anayamba. Analankhula mphindi khumi osapuma: za mayeso, za pageti, za mwini nyumba, mpaka za ketulo yanga. Za makutu anazinenanso, ndinamva ndekha. Ahedi anavula magalasi, anagwira khutu lawo, n'kutenga kalata ija ndi kuikhwatcha. Teremu yatsopano Mzime anayamba ndi anzake a msinkhu wake.

Vuto n'lakuti "lero lokha" lija silinathe mpaka pano. Mutu unadzuka uja wakana kubwerera pansi. Mzime akauzidwa kutsuka mbale amawayang'ana mayi ake m'maso n'kufunsa chifukwa chake achimwene ake satsuka. A Simbi akuti sukulu za kuno zimaononga ana, ndipo amalusa ukawakumbutsa amene anapereka chilolezo. Kulaibulale akupitabe Loweruka lililonse, ati akufuna azimva zomwe mwanayo amang'ung'udza potsika masitepe.

Masiku ano chitseko cha nambala 14 chikalira, timafunsa kaye kuti ndi mayi kapena mwana.