Mzinda wa Kumanzere

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene bwato langa linang'ambika pansi. Kwathu ku Chintheche mwamuna zikamuvuta sayang'ana kwina. Mkazi wanga, NyaChirwa, anangoti, "Pitani, koma musakatchone."

Ntchito ndinaipeza yosamalira maluwa panyumba ya bwana wina. Ndalama ndinkatumiza, mwezi wina zochititsa manyazi, koma chondidya kwenikweni chinali kusungulumwa. Lamulungu linkatalika, abale! Ndiye pashopu ya bambo wina wa ku Somalia, pomwe ndinkagula buledi, panali chimakina cha gemu chakalekale, chachitali ngati kabati. Ukaponyamo kobiri, pansi pa galasi pamaoneka mizinda isanu ndi umodzi, kumwamba n'kuyamba kutsika mizinga. Iwe uzizunguliza kampira ndi chikhatho, kuloza, n'kuiphulitsira m'malere isanagwe.

Ine mzinda wa kumanzere ndinautcha Chintheche. Inayo ipse, zake zimenezo, koma uwu ayi. Mwini shopu ankandiseka kuti ndimasewera mopusa, poti anzanga amateteza yonse. Ndinkamuyankha kuti kwathu n'kumodzi. Sekani ndithu, koma Chintheche akaphulika ndinkatuluka panja kukaimba foni kumudzi. NyaChirwa ankati, "Mwaluzanso kagemu kanu kaja eti? Ife tili bwino, ada."

Chaka china mvula inanyanya. Mnzanga wa ku Kande anandionetsa zithunzi pafoni: nyanja yakwera, yalowa m'nyumba za m'mphepete. Yathu inali pamchenga penipeni. Ndinaimba, foni ya NyaChirwa osalowa. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndinapita pamakina paja, ndipo mzinga woyambirira womwe unagwera kumanzere. Sindinadikire kuti gemu ithe. Ndinakatenga chikwama n'kukwera basi.

Ulendo wonse ndinkangoganiza za iye ndi mwana wathu Temwa, amene ndinamusiya akukwawa. Nditatsika pamsewu waukulu ndinathamangira kunyanja. Nyumba panalibe. Madzi okhaokha, mtengo wathu wa mango utaima pakati. Ndinangokhala pansi.

"Kodi si bambo a Temwa awa?" Anali Che Yusufu, amene ankagula usipa wanga kale. "Mukuliranji? Anthu anu ali kumtunda. Tinawasamutsa pa lole yanga madzi asanafike pakhonde."

Ndinawapeza kuseri kwa tchalitchi, NyaChirwa akuyanika chinangwa cha kondowole, Temwa atavala yunifomu ya sukulu, akundiyang'ana ngati mlendo wogulitsa mankhwala. Amayi a mvano ndiwo anawapezera malo. Anyamata a kwaya anazula malata onse n'kukawakhoma pa kanyumba kena. Chomira chinali foni yokha, pamodzi ndi nambala yanga, imene mkazi wanga sanaiikepo m'mutu. Mtima unakhala pansi. Misozi inkangotsika, ine osachita nayo manyazi.

Nditamufotokozera za mzinga wa kumanzere uja, NyaChirwa anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndiye zaka zonsezi mumati mukutilondera ndinu, ndi kampira? Pa gemu yanuyo mumaombera nokha, ada. Kuno tinalipo ambiri." Anandiponyera ndodo. "Poti kuteteza mumakutha, khalani apa. Nkhuku zikutha chinangwa."

Ndinakhala pamenepo mpaka chinauma, ndipo ku Joni sindinabwererenso.