Fosholo ndi Ufa wa Bwana

Anthu onse ankamutcha Fosholo, poti chida chimenechi sichinkachoka m'manja mwake. Anamerera imvi m'khola la ng'ombe za mkaka, akuwola ndowe, koma sanadandaulepo. Ankati ndowe za ng'ombe yodya udzu n'zaulemu: zimagwa pamodzi n'kudikira mwini ntchito.

Zinthu zinasokonekera bwana atabweretsa matumba a ufa wosakaniza m'chakudya cha ng'ombe, woti uchulukitse mkaka. Ntchito yothira ufawo anapatsa mlamu wake, munthu waulesi woyeza, yemwe ankangokhuthula ngati akukwirira dzenje.

Ng'ombe zinasiya kugona pansi n'kumabzikula. Zinkangoyendayenda tsiku lonse, kulimbirana modyera, kugundana ndi kunyambita makoma. Kenako zinatsegula m'mimba. Ndowe zinasanduka madzi okhaokha onunkha chowawasa, michira n'kumaziwaza mpaka kudenga. Fosholo akawerama, zina zinkamudonthera m'khosi. Kunyumba mkazi wake ankamuvulitsa malaya panja, atagwira mphuno.

Tsiku lina bwana anasuzumira pakhomo la khola, mpango uli pamphuno.

"Taona mmene zachangamukira! Ufa uja ndi mankhwala enieni."

"Bwana, si kuchangamuka kumeneku, zikusowa pogona. Pansi ponse ndi chithaphwi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Kolopa!"

Madzulo mkazi wa Fosholo anamuikira tiyi wothira mkaka wa kukhola komweko. Fosholo anayang'ana kapuyo, n'kukumbukira mawere othimbirira omwe anapukuta m'mawa uja. Anakankhira kapuyo kutali.

"Amake mwana, ndipatseni wopanda mkaka. Uwu ndikudziwa kumene wachokera."