Msana wa Bambo

Ndinasankha zokaphunzira ndili pakhonde, ndikuyang'ana mmene Bambo ankatsikira panjinga. Ankayamba kutsitsa mwendo wamanja, n'kudikira kaye, kenako n'kukoka wamanzere ngati si wawo. Msana unawayamba akukoka ukonde wa chilimira, ndipo ululu unkachokera m'chiuno, n'kudutsa kuseri kwa ntchafu mpaka kukatumba. Aphunzitsi athu a sayansi anali atandiuza kuti ku Blantyre kuli maphunziro a mafizo, othandiza anthu oterewa popanda kuwang'amba. Ndinalembera mwakachetechete, ndipo kunyumba sindinanene kanthu mpaka dzina langa litatuluka. Ine mawu amandilemera pakamwa. Ndimapepukidwa ndikawalemba m'kope langa.

Bambo atamva anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Asiyatu, iwe wothawa alendo uja? Anthu ukawagwira bwanji, moni weniweniyo umapereka ukuyang'ana zala zakuphazi?"

Komabe anagulitsa gawo lawo la ukonde, ndipo Mayi anandimangira mpunga ndi usipa wouma m'kathumba. Ndinachoka ku Liwaladzi ndikulira chamumtima, nkhope nditaiunamira pazenera la minibasi.

Ku Blantyre kunandizizira, ndipo anthu ake ankalankhula mothamanga. Koma chimene chinandivuta kwambiri si kuzizira. Pa maphunziro athu timaphunzirira pa matupi athu omwe. Mnzako amagona pabedi, iwe n'kumafufuza ndi zala pamene pathera fupa la m'chiuno, pamene padutsa mtsempha, mmene bondo likupindikira. Ine, amene chikulire changa mawondo anga sanaonedwepo ndi mlendo, ndinauzidwa kubwera ndi kabudula. Aphunzitsi aakazi anandilola kuvala buluku lothina, koma manja anga ankanjenjemerabe. Thoko, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ndi amene anandipirira.

"Gwira zenizeni, aise," ankatero atagona chafufumimba. "Ukundigwira ngati ndine dzira. Wodwala akamva manja akunjenjemera, nayenso amaopa."

Ndalama zinkandivuta, sindibisa. Mayi ankatumiza pafoni akagulitsa mpunga, ndipo mwezi ukapita patali chakudya changa chamasana chinali tiyi ndi mandasi. Matchuthi aafupi sindinkabwera kwathu chifukwa cha thiransipoti. Chikondwerero china cha Idi ndinachidyera kuhositelo ndekha, anzanga onse ali m'kalasi ngati tsiku wamba. Ndikaimba kunyumba, Mayi ankati, "Tili bwino, mwanawe. Bambo ako akupumula." Poyamba Bambo ankalanda foni n'kumandiseka kuti ndagwira miyendo ingati. Kenako anayamba kungopereka moni kudzera mwa Mayi. Ine ndinkalemba m'kope kuti akupumula, n'kumadzilimbitsa mtima ndi mawu omwewo.

M'mawodi ndi mmene ndinaphunzirira kuopa mawu amenewa. Munthu wa msana akagona nthawi yaitali, minofu imafota, mafupa amauma, ndipo ululu umapeza malo. Ndinathandizapo mayi wina wogulitsa makala amene anabwera atanyamulidwa, n'kutuluka akuyenda yekha. Tsiku limenelo ndinasangalala, koma madzulo ake chakudya chinandikanika. Ndinkaganiza za Bambo ali gone pamphasa kwathu.

Tchuthi chachikulu cha chaka chachitatu ndinabwerera. Titawoloka mtsinje wa Bua ndinamva fungo la madambo a mpunga, mtima n'kukhala pansi. Sunakhalitse. Bambo ndinawapeza kuchipinda, atagona chammbali, atafunda chitenje cha Mayi. Miyendo ija inkakankha boti pamchenga inali itaonda ngati ya mwana wasukulu. M'chiuno munali mphini zambirimbiri. Kuchipatala cha paboma anali atawajambula n'kunena kuti palibe fupa lothyoka, n'kuwauza kuti azipita kumafizo, koma ulendo wake unkawapweteka, ndiye anasiya. Azakhali a Mwanaisha, alongo awo a Bambo, anali atasamukira kwathu kudzawadwazika. Chilichonse chinkawapeza pamphasa: chakudya, madzi osamba, madzi otawazira, otsukira nkhope, manja ndi mapazi asanaswali. Akafuna kudzuka, azakhali ankathamanga.

"Gonani, achimwene, gonani! Tilipo ife."

Zinali zachikondi zonsezi, ndipo n'chifukwa chake zinali zovuta kuzitsutsa.

Pali mafunso amene tiyenera kufunsa munthu wa msana, okhudza mikodzo, chimbudzi ndi dzanzi m'malo obisika. Mwana wamkazi sangafunse bambo ake zimenezo. Ndinawanong'oneza Mayi kukhitchini, iwo n'kukafunsa, n'kubwera ndi mayankho. Onse anali abwino. Ntchafu ya Bambo sindikanaigwiranso, choncho ndinagwada pakhomo, Mayi n'kukhala manja anga. "Kwezani mwendo pang'onopang'ono, Mayi. Bambo, mukamva kukoka munene." Titamaliza ndinadziwa kuti Bambo akhoza kuyendanso, koma pokhapokha titasiya kuwatumikira.

M'mawa mwake ndinatenga ketulo ya madzi otawazira n'kuiika pakhonde la kuseri. Sindinaipititse kuchipinda.

"Bambo, madzi ali pakhonde," ndinatero, mawu akutuluka pang'ono.

Azakhali anaomba m'manja. "Astaghafirullah! Sukulu yake ndi imeneyi? Munthu anagulitsa ukonde chifukwa cha iwe, lero ukumuyendetsa ngati wantchito wako?"

Misozi inalengeza, koma sindinasunthe. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha ndodo.

Masabata otsatira tinkachita mafizo m'mawa uliwonse. Ankagona chagada n'kumapinda mawondo, kukweza chiuno, kudzuka pampando n'kukhalanso. Ankadandaula kuti ndi masewera a ana a mkaka, koma ankachita. Anayamba kufika pankhokwe, kenako kuzungulira mpanda wonse. Azakhali anasiya kundilankhula kwa masiku angapo, kenako tsiku lina anandiikira nsomba yaikulu m'mbale osanena kanthu. Koma kunja kwa mpanda Bambo ankakana. Ndikati tifike kumsewu, ankati mwendo wadzuka molakwika.

Tsiku lina masana Bambo ali chiimire pankhokwe, tinamva mawu a a Yusufu, mnzawo amene ankapita naye kunyanja. "Odi! Odi kuno kwa a Saidi!" Mawuwo ankachokera kutali, cha kumtengo wa mango wa m'mbali mwa njira. Ndinaona Bambo akutembenuka, n'kuyenda mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo, kukalowa kuchipinda. Pamene a Yusufu ankafika, anawapeza ali gone, chitenje mpaka m'khosi.

Mlendo atapita ndinakagwada pakhomo.

"Bambo, mwendo unawawa?"

Anayang'ana kudenga.

"Mwanawe, anthu aja amandidziwa ndikunyamula injini ya boti paphewa ndekha. Ndiye andione ndikuyenda chopendekeka ngati nkhanu? Bola azidziwa kuti ndikudwala."

Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti manyazi anga ndi chilema changa ndekha, m'nyumba ya munthu wa mawu aakulu amene ankamveka kuchokera kudooko. Tsopano ndinaona kumene ndinawatengera.

"Lachisanu ndikuperekezani kumzikiti," ndinatero. "Tikachita manyazi, tichitira limodzi."

Lachisanu anavala mkanjo wawo woyera, umene tsopano unkawakhuthukira m'mapewa. Pachipata anaima kawiri. Ine ndinali pambuyo pang'ono, maso ali pa chidendene chawo chamanzere. Pansi pa mango, m'mbali mwa njira, panali amuna akudikira nthawi ya swala. Onse anatembenuka.

"Eee, Saidi!" anakuwa a Yusufu. "Ife timayesa unakwatira mphasa!"

Bambo anawayang'ana. "Yandisudzula," anatero. "Akuti ndimaliza mkonono."

Kunali kuseka. Wina anati ndodoyo ikuwakhala ngati bwana wa kuboma, wina anati abweze fodya amene anabwereka chaka chatha. Palibe amene anawagwira mkono. Anangowazungulira n'kuyamba kuyenda, onse pang'onopang'ono, ngati kuti amuna a ku Liwaladzi amayenda choncho masiku onse.

A Yusufu anatsalira kuti amange lamba wa nsapato, ngakhale sindinaone kuti wamasuka.

"Adokotala, mwagwira ntchito," anatero chapansipansi.

"Sindinamalize sukulu, bambo. Komanso akhala akuyenda kwa masabata ndithu, kungoti..."

"Tikudziwa, mwanawe. Mpanda ndi wa udzu, ndodo imamveka. Ukuganiza kuti odi timayambira kumango chifukwa chiyani? Timafuna apeze nthawi yofika pamphasa."

Ananyamuka kutsatira anzawo. Ine ndinaima panjira mpaka mkanjo wa Bambo unasakanikirana ndi ina pakhomo la mzikiti, osadziwikanso kuti wodwala ndi uti.