Ndinalawitsa galu wa bambo chokoleti

Inu owerenga, ine ndinapha galu wa bambo anga ndi dzanja langali, ndipo iwo anatsikira kulichete akukhulupirira kuti ndinkafuna kupha banja lathu lonse.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya, Chipata akutchedwa Fort Jameson. Ndinali khukhi pa famu ina ya fodya. Khirisimasi itayandikira, dona wa pafamupo anandipatsa zibanthu zitatu za chokoleti chakuda, chowawira chija chophikira makeke, kuti ndipite nazo kwathu kufupi ndi Mtenguleni.

Masiku amenewo mphekesera zinali ponseponse zoti shuga ndi zakudya za m'zitini za azungu zikuthiridwa mankhwala oti tisamabereke. Nditamasula mphatsoyo m'mawa pakhonde, palibe anatambasula dzanja. Bambo, amene maso anali atachita khungu, anangoinunkhiza n'kundibwezera.

"Wabwera nacho ndiwe. Yamba walawa," anatero.

Ndiwo mwambo wathu: mwini chakudya amayamba yekha kuti ena adye mtima uli m'malo. Koma ndiulule, mphekeserazo zinali zitandilowa inenso. Ndinali nditangokwatira kumene, mwana ndisanaone. M'malo molawa ndinaponyera Tilekeni, kagalu kochepa thupi kamene kankatsogolera bambo kudimba, chingwe chili m'manja mwawo. Kanameza osatafuna. Anthu anaseka, ine n'kukomedwa, mpaka zibanthu zonse zitatu zinathera mwa iko.

Dzuwa lili paliwombo Tilekeni anayamba kusanza. Ankamwa madzi osakhuta, akuzungulirazungulira, wefuwefu. Kenaka miyendo inayamba kunjenjemera, thupi lonse n'kumagwedezeka ngati wakhunyu. Bambo anamunyamula pamiyendo, akumusisita kumutu. Dzuwa lisanalowe galuyo anali atauma.

Palibe anandikalipira. Bambo anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, pakanapanda galuyu, ukanayamba ndi yani?"

Ndinalumbira kuti sindinkadziwa kanthu, koma aliyense anaona kuti ndinakana kulawa. Chokoleti chotsala choti ndidye pamaso pawo panalibe. Kuyambira tsikulo bambo sanalandirenso chilichonse chochokera m'manja mwanga, ngakhale mchere. Kudimba anasiya kupita. Ankangokhala pakhonde mpaka pamene anamwalira, patapita madzinja awiri okha.

Ine sukulu ndinayamba ndili ndi imvi, m'kalasi ya akuluakulu kumishoni. Tsiku lina ndikuwerenga pang'onopang'ono kapepala ka alangizi a ziweto, ndinapeza kuti chokoleti chimene munthu amadya bwinobwino ndi poizoni kwa galu, makamaka chakuda, ndipo galu akachepa thupi ngozi imakula. Dona uja sanathiremo kanthu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulira ngati mwana, chifukwa woti ndikamuwerengere kapepalako anali m'manda.

Inu owerenga, galu si munthu. Chokoleti ndi maswiti musam'patse, kaya mukumukonda, kaya mukufuna kuseketsa alendo. Zotsekemera zimamuwoletsa mano, zina zimamupha. Akaba n'kudya, thamangirani kwa dokotala wa ziweto asanayambe kunjenjemera.

Ndipo chinthu chikakuopsani, nenani poyera kuti mukuopa. Ndikanangoti, "Bambo, inenso ndili ndi mantha," tikanataya chokoleticho m'chimbudzi, ndipo iwo akanamwalira akunditchabe mwana wawo.